Momwe mungakonzere menyu ya USSD yosasokoneza anthu

Anthu ambiri kuno amatumiza ndalama kapena kugula mayunitsi a magetsi pa foni ya mabatani, poimba *211# ya Airtel Money kapena *444# ya TNM Mpamba. Ngati mukukonza menyu yotereyi, imene imatchedwa USSD, kaya ndi ya SACCO kapena ya kampani yogulitsa mbewu, musathamangire pa kompyuta. Yambani ndi pepala.

Choyamba, dulani timapepala tating'ono, kalikonse kaimire sikirini imodzi. Lembani zinthu zitatu kapena zinayi zimene anthu adzafune kawirikawiri, ndipo chofunidwa kwambiri chikhale pa nambala 1.

Chachiwiri, chepetsani mawu. Uthenga umodzi wa USSD supitirira zilembo 182, pamene mawu a Chichewa amatalika. Lembani monga anthu amayankhulira kwa ejenti: "Tumizani ndalama", "Onani zotsala". Batani lobwerera m'mbuyo likhale limodzimodzi paliponse. Ngati ndi 0 pa sikirini yoyamba, likhale 0 mpaka kumapeto.

Chachitatu ndi sikirini yotsimikizira, ndipo apa ndiye musachite mphwayi. Munthu asanalembe PIN, aone dzina la wolandira, kuchuluka kwa ndalama, ndi ndalama imene adulidwe, zonse pamodzi. Nambala ya foni yokha sikwanira, chifukwa chala chikaterereka pa batani limodzi, K20,000 ya fizi ya mwana yapita kwa munthu wachilendo. Koma dzina lolakwika munthu amaligwira nthawi yomweyo. Ine ndimaona kuti menyu yobisa ndalama yodulidwa mpaka ntchito itatha ikulakwira makasitomala, ngakhale itathamanga bwanji. Pakhalenso njira yoonekeratu yosiyira.

Chachinayi, chikalakwika, nenani chalakwikacho ndi chochita. "Ndalama zanu sizikukwana, lembani zocheperapo" amathandiza kuposa kungolemba "Error". Kumbukiraninso kuti USSD imaduka munthu akachedwa kuyankha, choncho musamufunse nambala yaitali imene ayenera kukaifufuza m'chikwama ali pakati pogwiritsa ntchito menyuyo.

Pomaliza, yesani ndi anthu enieni. Jakob Nielsen, katswiri wa nkhanizi, analemba mu 2000 kuti anthu asanu okha amakuonetsani mavuto ambiri a chimene mwakonza, ndipo ndi bwino kuyesa ndi ochepa kangapo kusiyana ndi khamu kamodzi. Asakhale anzanu a mu ofesi ayi. Pitani kumsika, mupemphe mayi wogulitsa tomato, wakabaza, ndi agogo amene amatalikitsa foni kuti aone zilembo. Auzeni kuti, "Tumizani K2,000 kwa mchemwali wanu," kenako mukhale chete. Kukhala cheteko ndi kovuta, chifukwa mtima umafuna kuwalozera. Yang'anani pamene chala chaima m'mwamba osadina, pamene akuwerenganso mzere umodzi milomo ikugwedera, kapena pamene atembenukira kwa mnzawo kuti awathandize. Lembani malo onsewo, mukonze timapepala tija, ndipo mukayesenso ndi anthu ena asanu musanayambe kulemba pulogalamu.