Kugoneka Linux popanda kusokoneza zipangizo

Dalaiva wa Linux (pulogalamu yoyendetsa chipangizo) amalandira malangizo a hibernation (kukopera zomwe zili m'memori pa disiki makina asanazime, kuti akayaka apitirize pomwe analekera) kudzera mu `struct dev_pm_ops`, makamaka `freeze`, `thaw`, `poweroff` ndi `restore`.

Mu `freeze`, imitsani DMA (njira yomwe chipangizo chimalembera ndi kuwerenga m'memori pachokha) ndi ma interrupt (zizindikiro zomwe chipangizo chimatumiza ku purosesa), sungani zomwe zili m'marejisita (timalo ta m'chipangizo tosunga makonzedwe ake), koma chipangizocho musachizimitse. DMA ikapitiriza kulemba m'memori pamene kernel (phata la Linux) ikukopera memoriyo, kope lake limatuluka lowonongeka, ndipo vutolo mumadzaliona mochedwa, podzutsa makina. Kenako `thaw` imabwezeretsa zipangizo pa ntchito, poti disiki iyenera kulemba kopelo ku swap (gawo la disiki losungirako zochokera m'memori). Kuzimitsa ndi ntchito ya `poweroff`.

Ambiri amapunthwa pa `restore`. Kompyuta ikayaka, imayamba ndi kernel ina, yomwe imawerenga kope lija n'kusiyira kernel yakale ulamuliro. Kernel yoyambayo mwina inachigwiragwira kale chipangizo chanu, mwinanso inalibe n'komwe dalaiva wake. Choncho zomwe mwapeza m'marejisita musazikhulupirire. Chitani reset, lembaninso zonse kuyambira pachiyambi. Kugwiritsa ntchito `resume` yomweyo (yodzutsa chipangizo pa kugona wamba, memori isanazime) pa `restore` kulibe vuto pokhapokha ngati imachita kale zimenezi.

Poyesa, lembani `devices` mu `/sys/power/pm_test`, kenako `disk` mu `/sys/power/state`. Makina amadikira masekondi 5 n'kubwerera okha, ndipo `dmesg` (lamulo loonetsa mauthenga a kernel) ikuonetsani dalaiva amene wakana.