Musafulumire kumangitsa matapeti a njinga yamoto

Anzanga a kabaza a ku Luchenza ndi ku Bvumbwe, injini ikayamba kulira tiki-tiki pamwamba, musathamangire kumangitsa matapeti, tizitsulo tokankha mavalavu (tizitseko tolowetsa mafuta ndi mpweya mu injini n'kutulutsa utsi). Kaphokoso kochepa sikapha njinga. Oopsa ndi matapeti othina: samveka n'komwe, koma mavalavu satseka bwino, njinga imavuta kuliza m'mawa, imafooka pa zitunda za ku Thekerani, kenako valavu imapsa.

Yezani kaye. Injini igone usiku wonse, izizire, poti chitsulo chikatentha chimafutukuka. Chizindikiro cha T pa flywheel (gudumu lozungulira la m'mbali mwa injini) chilunjike pa chizindikiro chinzake cha pa injini, mavalavu onse atatseka. Lowetsani feeler gauge, kachitsulo kopyapyala koyezera mpata, pakati pa tapeti ndi valavu. Pa njinga zambiri za 125cc mpata umakhala pakati pa 0.05 ndi 0.10 mm, komabe onani buku la njinga yanu. Feeler gauge ya muyezo woyenera ikalowa mokhula pang'ono, vindikirani, musakhudze chilichonse. Makanika woyeza ndi khutu lokha, ameneyo mukaneni.