Momwe mungayambirenso kumanga timagalimoto ta mpikisano ta pulasitiki

Ambiri mwa ife amene tinakulira mu Lusaka m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 tinayamba ndi magalimoto a mawaya, ndipo ochepa amene anali ndi mwayi anafika pogwira bokosi la tizidutswa tomangira kagalimoto la kampani ya Tamiya, Airfix kapena Revell limene wachibale anabwera nalo kuchokera kunja. Munthu akafuna kuyambiranso ntchitoyi patapita zaka zambiri, manja sachedwa kukumbukira. Zimene zimavuta ndi zipangizo zimene zakalamba m'kabati, komanso nyengo ya mumzinda uno, imene ikhoza kuwononga penti wa mlungu wathunthu m'masana amodzi.

Yambani ndi kutsegula mabokosi akale ndi kuona chimene chidakali chamoyo. Guluu wa pulasitiki amauluka ngakhale botolo litatsekedwa, choncho wakaleyo mungomutaya. Penti amene walekana, madzi pamwamba ndi matope pansi, nthawi zambiri amabwerera mukamutakasa bwino ndi kamtengo, koma amene wachita mibulu sangakonzeke. Onaninso matayala, chifukwa ena akale akakhudzana ndi pulasitiki kwa zaka zambiri amaisungunula pamalo pamene agona. Masitika a m'madzi, aja a manambala ndi mayina amene amamatidwa pa galimoto ataviikidwa m'madzi, ndiwo amafuna chidwi chachikulu. Dulani kamodzi kamene simudzakagwiritsa ntchito, mukaviike m'madzi ofunda, ndipo kakasweka tizidutswa mudziwe kuti pepala lonse lauma. Lipopereni vanishi wopyapyala musanalidule, kenako muzidula sitika iliyonse pafupi kwambiri ndi m'mphepete mwake. Pepala limene lachita chikasu limayererako mukalimata pa galasi la zenera lolowa dzuwa kwa milungu ingapo.

Bokosi limene mwalisunga zaka zonsezi musayambe nalo. Gulani kapena sankhani lina losavuta, la sikelo ya 1/24, lopanda injini yoonekera, kuti zolakwa zoyamba zigwere pamenepo. Pa sikelo imeneyi galimoto yotalika mamita 4.5 imakhala pafupifupi masentimita 19, ndipo tizidutswa take timagwirika ndi zala za munthu wamkulu. Magalimoto a Formula One a Tamiya ambiri ali pa 1/20, mndandanda umene unayamba mu 1977 ndi Tyrrell P34 ya matayala asanu ndi limodzi, galimoto imene Jody Scheckter wa ku South Africa anapambana nayo ku Sweden mu 1976. Ndi okongola, koma injini ndi timiyendo togwira matayala zili poyera, ndipo cholakwa chilichonse chimaoneka. Kwa ife amene tinazolowera fumbi la Zambia International Rally ndi dzina la woyendetsa magalimoto a rali Satwant Singh, galimoto ya rali monga Subaru Impreza kapena Toyota Celica GT-Four ndi poyambira pabwino, chifukwa thupi lake ndi chidutswa chimodzi chachikulu, ndipo kachilema kakang'ono kamatha kubisika ndi fumbi lopentedwa mwadala.

Zida zambiri simufunika kuitanitsa kunja. M'masitolo a zodzola ku Kamwala mupeza timapani tozulira nsidze ndi topalira zikhadabo, ndipo ogulitsa penti wa magalimoto amakhala ndi sandipepa wa nambala 600, 1000 ndi 2000 pamodzi ndi tepi ya pepala. Onjezani kapulayala kakuthwa kodulira mawaya, mpeni wa lezala, mabulashi awiri aang'ono ndi timitengo totokosera m'mano. Bokosi lenilenilo ndi guluu wamadzi monga Tamiya Extra Thin Cement ndizo mungapemphe munthu wochokera ku Johannesburg kuti akutengereni. Kumbukirani kuti zitini za penti wopopera siziloledwa m'katundu wa pa ndege, ndipo katundu woitanitsa pa intaneti akhoza kulipiritsidwa msonkho akafika.

Mukayamba ntchito, werengani pepala la malangizo lonse kaye, ndipo mulembe ndi pensulo tizidutswa timene tiyenera kupentedwa tisanamatidwe. Tsukani pulasitiki m'madzi ofunda a sopo wa mbale kuti muchotse mafuta, muiumitse pamthunzi. Podula kachidutswa pa chimango cha pulasitiki chimene kabwera nacho, musakapotokole ndi zala monga tinkachitira tili ana. Dulani patali pang'ono, kenako mumalize ndi mpeni ndi sandipepa. Yesani kulumikiza chilichonse popanda guluu musanamate. Guluu wamadzi amagwira ntchito posungunula pulasitiki, choncho mugwirizitse zidutswa ziwirizo kaye, mukhudze mpata wake ndi kabulashi, ndipo guluuyo adzayenda yekha. Sagwira pa penti kapena pa zidutswa zonyezimira ngati siliva, motero muyenera kupala pamalo polumikizirapo kufikira pulasitiki itaoneka.

Thupi la galimoto ndilo limafuna nthawi yaitali, ndipo nkwanzeru kuyamba nalo kuti lizikauma inu mukumanga zam'kati. Chotsani timizere timene chikombole cha ku fakitale chinasiya pa thupilo ndi sandipepa wa 600, musalaze ndi wa 1000, kenako mupopere pulaima, penti woyamba amene amathandiza penti wina kugwira. Musadumphe pulaima, makamaka ngati mukugwiritsa ntchito penti wa magalimoto enieni wa m'sitolo ya hadiweya, chifukwa mankhwala ake ndi aukali ndipo amakwinyitsa pulasitiki. Yesani kaye pa sipuni ya pulasitiki kapena pa zotsala za m'bokosi. Lamulo lina loyenera kusunga ndi lakuti penti wa lacquer asapite pamwamba pa enamel, chifukwa amamutukumula, pamene enamel kapena acrylic akhoza kupita pamwamba pa lacquer wouma bwino.

Apa ndi pamene nyengo imalowerera. Kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula itayamba, mphepo ya mu Lusaka imanyamula fumbi lochuluka, ndipo mu Okutobala kutentha kumaumitsa penti ali m'mlengalenga asanafike pa galimoto, zimene zimasiya khungu lokhakhala. M'miyezi imeneyi poperani m'mamawa kusanatenthe, pakhonde lotetezeka ku mphepo, mutawaza madzi pansi, ndipo mukangomaliza muvundikire thupilo ndi chidebe choyera cha pulasitiki. M'dzinja vuto ndi chinyezi, chimene chimachititsa penti kuyera ngati nkhungu, choncho dikirani tsiku louma. Mu Juni ndi Julayi imikani chitini m'madzi ofunda, osati otentha, kwa mphindi zingapo kuti penti atuluke wosalala. Gwirani chitini pa mtunda wa masentimita 20 mpaka 30, muyambe kupopera musanafike pa galimoto ndi kusiya mutaidutsa, ndipo mupake kopyapyala katatu m'malo mwa kamodzi kokhuthala. Musapopere m'chipinda chogona kapena pafupi ndi mbaula ndi kandulo pamene magetsi azima, chifukwa mpweya wake umayaka komanso umapweteka m'chifuwa. Kenako lisiyeni thupilo masiku angapo. Kukhudza msanga ndiko kumasiya chidindo cha chala.

Masitika amagwira bwino pa penti wonyezimira, pakuti pa penti wosanyezimira mpweya umatsalira pansi ndipo amaoneka otuwa. Dulani imodzi imodzi, muiviike m'madzi ofunda kwa masekondi 10 mpaka 20, muiike pa nsalu kufikira itayamba kutsetsereka, kenako muikankhire pamalo pake ndi bulashi yonyowa ndi kufinya madzi ndi kathonje. Yambani ndi mizere ikuluikulu, chifukwa manambala ndi mayina a makampani amatsatira pamenepo. Musadabwe mukapeza kuti mayina a fodya mulibe m'mabokosi a masiku ano, ngakhale pa McLaren MP4/4 ya Ayrton Senna ndi Alain Prost imene inapambana mipikisano 15 mwa 16 mu 1988. Malamulo oletsa kutsatsa fodya ndiwo anachititsa zimenezi. Ngati mukufuna vanishi pamwamba, dikirani tsiku limodzi kapena awiri, ndipo muyambe ndi kopyapyala kwambiri.

Magalasi amamatidwa ndi guluu woyera wa matabwa, amene amauma woonekera, osati supaguluu, amene nthunzi yake imawasiya ndi chifunga chosachoka. Timagalasi ta m'mbali, mawaipa ndi kamlongoti ka wailesi ziikidwe pomalizira penipeni chifukwa zimathyoka msanga. Galimoto yomalizidwa muiike m'kabati ya galasi kapena m'bokosi loonekera, kutali ndi zenera, pakuti dzuwa limafwifwitsa masitika ndi kupinda pulasitiki, ndipo pochotsa fumbi mugwiritse ntchito bulashi yofewa m'malo mwa nsalu.