Mark X inasiya kupangidwa: muchite izi musanagule, ndipo dziwani inalowa m'malo mwake

Wina akakuuzani kuti ali ndi Toyota Mark X "ya chaka chino", musafulumire kupisa m'thumba. Galimotoyi inasiya kupangidwa. Yomaliza inatuluka mu fakitale ya Motomachi ku Japan mu Disembala 2019, ndipo pamenepo panathera mtundu wa galimoto umene unayamba ndi Corona Mark II mu 1968. Dzina la Mark X linabwera mu 2004, litalowa m'malo mwa Mark II. Choncho Mark X iliyonse imene mukuiona mumsewu wa Chipembere ku Blantyre, kapena pa intaneti kwa ogulitsa a ku Japan, inayendapo kale m'manja mwa munthu wina, kaya ikuwala chotani. Sikuti musagule ayi. Ndi galimoto yabwino, koma muyenera kudziwa chimene mukugula.

Choyamba, werengani nambala ya chasisi

Tsegulani boneti kapena chitseko chakutsogolo mufufuze kachitsulo kolembedwa manambala. Zilembo zoyambirira zimaulula zonse. GRX120 ndi ya m'badwo woyamba, wa 2004 mpaka 2009, injini yake ndi V6 (ya masilinda asanu ndi imodzi) ya malita 2.5, ndipo GRX121 ndi ya malita 3.0. GRX130 ndi ya m'badwo wachiwiri, wa 2009 mpaka 2019, ya malita 2.5, pomwe GRX133 ndi ya malita 3.5. Mukaona 125 kapena 135, ndiye kuti imakoka ndi mateyala onse anayi. Zinazo zimakankha ndi akumbuyo okha.

Chenjeraninso ndi Mark X ZiO. Dzina n'lofanana koma ndi galimoto ina, yamsana wautali, yokoka ndi mateyala akutsogolo kapena onse anayi.

Chachiwiri, tsimikizani chaka

Kokani lamba wa pampando mpaka kumunsi kumene wamangidwa. Pali kansalu koyera kosokereredwa, ndipo pamalembedwa chaka chimene lambayo anapangidwa. Wogulitsa akamati galimoto ndi ya 2015 koma kansaluko kakuti 2010, mufunseni bwino. Ngati mukuitanitsa ku Japan, pemphani pepala la ku okushoni limene limaonetsa makilomita ndi malo amene galimotoyo inagundidwapo.

Chachitatu, werengerani msonkho musanatumize ndalama

Msonkho wa MRA umatengera zaka za galimoto komanso kukula kwa injini. Mark X yotchipa ku Japan ikhoza kukulizani ikafika pa Songwe kuchokera ku Dar es Salaam. Pitani kwa ejenti wovomerezeka akuwerengereni zonse, muonjezere za padoko ndi za woyendetsa.

Chachinayi, pitani ndi makaniko wodziwa injiniyi

Apa ndi pamene ambiri amagwa. Injini ija ya malita 2.5, yotchedwa 4GR-FSE, imapopera petulo molunjika m'masilinda, motero imadana ndi mafuta akuda, aja a m'zigubu za m'mbali mwa msewu. Pakapita nthawi mwaye umaunjikana m'mavavu, galimoto n'kumanjenjemera ikaima. Makaniko ailize injini ili yozizira, amvetsere, aikenso pa kompyuta. Ayang'ane pampu ya madzi ngati sikudontha, kenako alowe pansi. Mark X ndi yotsika pansi, ndipo maenje a m'misewu yathu sailekerera: bampala, mashoko ndi mabushi ndiwo amayamba kulira.

Za masipeyala musade nkhawa kwambiri. Injini yomweyi ili mu Toyota Crown ndi Lexus IS 250, kotero zambiri za mu injini zimalowana. Zimene zizivuta zaka zikamapita ndi za thupi lake, monga nyali, magalasi ndi mabampala. Funsiranitu mitengo yake ku Limbe kapena ku Lilongwe musanagule.

Chachisanu, ngati mukufuna yatsopanoko, sankhani m'gulu ili

Toyota sinatulutse galimoto ina yotenga dzina la Mark X. Ku Japan makasitomala ake anawalozera ku Camry, imene kumeneko inkagulitsidwa ya hybrid (yoyendera petulo ndi magetsi) ya malita 2.5. Imamwa mafuta pang'ono, ndipo aliyense amene anagonapo pamzere wa petulo akudziwa kufunika kwake. Koma imakoka ndi mateyala akutsogolo, ndipo mulibe kulira kuja kwa V6 kumene eni Mark X amakukonda. Nayonso Camry inasiya kugulitsidwa ku Japan kumapeto kwa 2023, ngakhale ikupangidwabe ya misika ina.

Amene akufuna mayendedwe a Mark X ayang'ane Crown. Ya 2012 mpaka 2018 ndiyo m'bale wake weniweni: imakankha ndi mateyala akumbuyo, ndipo ina ili ndi injini yomweyo ya 4GR-FSE. Crown Sedan imene inatuluka mu 2023 nayo imakankha ndi akumbuyo, koma mtengo wake ndi wa anthu ochepa. Ine nditafunsidwa ndingasankhe GRX130 ya malita 2.5 yosamalidwa bwino, yokhala ndi pepala lake la ku okushoni, n'kusungako ndalama ina ya mashoko.