Kuboola kapena kuphwanya: makina ati pa ntchito iti

Musanagule kapena kubwereka makina, yambani mwaona khoma lomwe mukufuna kuboola kapena kuphwanya. Nyumba zambiri muno mu Chipata ndi za njerwa zootcha kapena mabuloko, ndipo pamenepo hammer drill (makina oboolera omwe amazungulira akugogoda pang'ono) ya mawati 700 imakwanira kuboola mabowo a mamilimita 6 mpaka 10. Mukaipititsa pa konkire ya pamwamba pa chitseko, imangolira, bit (kachitsulo koboolera) n'kupsa nsonga.

Konkire imafuna rotary hammer (makina oboolera amphamvu kuposa hammer drill) ya SDS-Plus (mtundu wa polowetsa bit), chifukwa iyo imamenya ndi pisitoni. Imaboola bwino mpaka mamilimita 20, ndipo mukaimitsa kuzungulira n'kuikamo tchizulo, imasenda pulasitala ndi matailosi. Musaikanikize mwamphamvu. Bit iyenera kusewera pang'ono kuti nkhonya ifike. Kukanikiza kumangotenthetsa mota. Pakani girisi pang'ono kumchira kwa bit, ndipo muziitulutsa pafupipafupi kuti fumbi lituluke. Ikagunda chitsulo cha m'konkire, imani pomwepo: bit ikagwidwa, makina amapotokola dzanja.

Kuswa silabu kapena maziko ndi ntchito ya breaker (makina aakulu ophwanyira konkire) ya makilogalamu 10 kapena kuposa. Yambirani m'mphepete, muzithyola tizidutswa. Mukayamba pakati, tchizulo imakanirira.

Magetsi a ZESCO akathima, jenereta ikhale ndi mawati owirikiza kawiri a makinawo. Chingwe chachitali chikhale cha 2.5 mm², chotambasulidwa chonse. Chopyapyala chimagwetsa mphamvu, mota n'kupsa. Pewani kuboola molunjika pamwamba pa soketi, chifukwa m'khomamo mumadutsa waya. Valani zoteteza maso, makutu ndi mphuno.