Yambani ndi Matayala Musanakweze Galimoto

Eni magalimoto a 4x4 monga Toyota Hilux kuno ku Kasungu, amene mumayenda m'misewu yafumbi ya ku Chamama kapena yopita ku Lifupa m'dzinja, musathamangire kukweza masipuling'i a galimoto kuti italikirane ndi nthaka. Yambani ndi matayala a mano akuluakulu, chifukwa matope a m'madambo amatseka mano a tayala wamba ndipo limangozungulira pamodzimodzi. Kenako muikitse chitsulo chotchinga kunsi kwa injini kuti miyala ndi zitsa zisaboole mosungira oyilo. Kukweza masipuling'i kubwere pambuyo, ndipo kwa ine masentimita 5 ndi okwanira, popeza galimoto yokwera kwambiri siichedwa kugubuduzika pokhota, makamaka itasenza mabelo a fodya. Fosholo, jeke ndi chingwe cholimba chokokera zisamachoke m'galimoto.