Mwaitana anthu kuti abweretse nzeru, nanga wozilandira ndani?

Chaka chino makampani angapo amene ndawayendera alengeza mipikisano yopempha maganizo kwa anthu akunja: makasitomala, ophunzira a m'mayunivesite ndi timakampani tongoyamba kumene. Zolengezazo n'zokopa. Koma ndikafunsa kuti ganizo likafika limagwera pa tebulo la yani, mabwana amangoyang'anana. Palibe amene anapatsidwa ntchitoyo, ndalama zoyesera palibe, ndipo mainjiniya a kampaniyo anamvera nkhani ya mpikisanowo pa Facebook ngati wina aliyense.

Njira yogwiritsa ntchito nzeru za anthu akunja, imene Henry Chesbrough anaitchukitsa mu 2003 ndi dzina loti open innovation, sivuta poitana. Imavuta polandira. Mafuta atatayikira m'nyanja ku Gulf of Mexico mu 2010, kampani ya mafuta ya BP inapempha maganizo ndipo inalandira oposa 100,000. Lililonse linkafunika katswiri woliwerenga, koma maganizo othandiza anali ochepa kwambiri. Netflix, kampani ya mafilimu, inachita mwadongosolo: mu 2006 inaika mphoto ya madola 1 miliyoni kwa amene angawongole ndi 10 peresenti njira yake yolosera mafilimu amene munthu angakonde. Mphotoyo inaperekedwa mu 2009, koma njira yopambanayo siinagwiritsidwe ntchito yonse, chifukwa kuilumikiza ku makompyuta awo kukanadya ndalama zoposa phindu lake. Ngati zinavuta kwa iwo amene anali ndi funso lomveka, nanga inu amene mwangolemba kuti "titumizireni maganizo alionse"?

Chimene chimanditopetsa ndi mtima uja wakale woti chinthu chikachokera kunja ndiye kuti n'chachabe. Mkulu wa kafukufuku amaona ganizo la mlendo ngati umboni woti iye walephera, ndiye amalikhalira mpaka liiwalike. Mlimi wina anandionetsa makina odzalira mbewu amene anawasintha yekha kuti asamatsekeke ndi dothi lonyowa. Anatumiza zithunzi kwa kampani imene inawapanga, pa mpikisano wawo womwewo. Nyengo yonse inatha, ngakhale kalata yoti talandira sanaione. Anandiuza kuti, "Bambo, akanangondiuza kuti ayi ndikanamvetsa." Pano akukambirana ndi kampani ina, ndipo alimi anzake onse akudziwa mmene zinayendera. Mwataya nzeru, mwatayanso anthu amene akanakubweretserani zina, ndipo mukadzaitananso sadzabwera.

Si kuti n'zosatheka. Ku LEGO, kampani yopanga zidole, chidole chimene munthu wakunja wakonza chikapeza ochikonda 10,000 kampaniyo imachiunika n'kulengeza poyera zotsatira, ndipo chikapangidwa mwini wake amalandira 1 peresenti ya ndalama zogulitsa. Ku Procter & Gamble, kampani yopanga sopo ndi zina za m'nyumba, mkulu wake panthawiyo A.G. Lafley analamula kuti theka la zinthu zatsopano lizichokera kunja, choncho ogwira ntchito anadziwa kuti kulandira ganizo la mlendo ndi mbali ya ntchito yawo.

Zochita ndi zodziwika kale. Musanalengeze, lembani vuto limodzi lenileni. Sankhani munthu mmodzi wokhala ndi mphamvu ndi ndalama zoyesera. Nenani poyera za umwini wa ganizo ndi malipiro ake, maloya anu aone zimenezo msanga. Ikani tsiku loyankha, ndipo muyankhe aliyense, ngakhale amene mwamukana. Ngati simunakonze zimenezi, mpikisanowo uyambe wadikira chaka chamawa.